Kukaona Akamba a M'nyanja Akuikira Mazira ku Bhanga Nek: Zoyenera Kudziwa Musanaponde Mchenga

Disembala akamayandikira, foni yanga sipuma. Abale a ku Joni, a ku Durban, onse funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, akamba aja tingawaone bwanji?" Ndimagwira ntchito pamalo ena ogona alendo kufupi ndi Manguzi, kumpoto kwenikweni kwa KwaZulu-Natal, pafupi ndi malire a Mozambique. Nyengo ya akamba ikafika ndimaperekeza alendo kugombe la Bhanga Nek, kumene timakumana ndi anyamata ndi atsikana a m'midzi ya konkuno amene ali ndi chilolezo cholondera zisa. Zimene ndalemba apa ndi zimene ndimauza mlendo aliyense tisanatsike chitunda cha mchenga, kuonjezerapo zimene ndatola kwa olondawo poyenda nawo usiku.

Gombe limeneli lili mkati mwa iSimangaliso Wetland Park, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Kuchokera ku Durban mumatsata msewu wa N2 mpaka ku Hluhluwe, n'kukhotera mu R22 kudzera ku Mbazwana mpaka ku Manguzi. Kuchoka pamenepo kupita ku Bhanga Nek ndi mchenga wokhawokha, ndiye kagalimoto kanu ka m'tauni kasiyeni kumene mukugona, mukwere yokoka mawilo onse anayi. Akamba amayamba kutuluka cha kumapeto kwa Okutobala, amachuluka mu Novembala, Disembala ndi Januwale, ndipo tiana timaswa kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ngati mukufuna kuona zonse ziwiri paulendo umodzi, mayi akuikira ndi tiana tikuthamangira kumadzi, bwerani mu Januwale. Kuno kuli udzudzu, ndipo malungo amapezeka ngakhale si kwambiri, choncho mankhwala odzola musaiwale.

Musapite nokha. Kuyendetsa galimoto pagombe m'dziko la South Africa n'koletsedwa kuchokera pamene boma linakhazikitsa malamulo ake mu 2001, ndipo amene amaloledwa kutengera alendo kwa akamba, kaya pagalimoto monga ku Sodwana Bay ndi ku Mabibi, kaya wapansi monga ku Bhanga Nek, ndi okhawo amene akuluakulu a paki anawapatsa chilolezo. Munthu akakupezani pamsika ku Manguzi n'kukuuzani kuti akutengerani motchipa, mufunseni chilolezocho. Ine ndimakonda ulendo wapansi. Galimoto imafika kutali, n'zoona, koma mumangokhala ngati katundu mpaka woyendetsa ataona kamba. Wapansi mumaphunzira kuwerenga mchenga ndi maso anu.

Valani zovala zakuda kapena zoderapo, ndipo tengani juzi chifukwa mphepo ya kunyanja imazizira pakati pa usiku ngakhale m'chilimwe. Nsapato zikhale zoti zikanyowa simudandaula. Mafuta onunkhira ndi fodya zisiyeni kuchipinda. Nkhani yaikulu ndi ya kuwala. Tochi yoyera siloledwa, fulashi ya kamera siloledwa, ndipo foni ikhale m'thumba chifukwa ngakhale kuwala kwa sikirini kumaoneka patali pagombe lamdima. Tochi imakhala ndi wolondera yekha, ndipo imakhala yofiira, popeza kuwala kofiira sikusokoneza akamba ngati koyera. Mphindi khumi zoyambirira mudzaona ngati simukuona kanthu. Pirirani, maso amazolowera, ndipo thovu la mafunde limayamba kukuonetsani njira.

Ife a kumudzi tili ndi chinthu china choti tiphunzire. Nyanja yathu ya Malawi sidzaza ndi kuphwera kawiri patsiku monga imachitira nyanja yamchere. Kuno madzi amakwera n'kubwerera, ndipo malo amene munadutsa pouma nthawi ya 8 koloko mukhoza kuwapeza atamira pobwerera. N'chifukwa chake nthawi yonyamukira imasintha tsiku ndi tsiku. Magalimoto amayenda madzi akaphwera, pamchenga wolimba wa m'munsi, kuti asaponde zisa zimene zili kumtunda. Inunso poyenda tsatani m'munsi momwemo, pafupi ndi madzi, mondondozana, osabalalika.

Akamba amene amaikira kuno ndi a mitundu iwiri. Woyamba ndi loggerhead, wa mutu waukulu ndi nsagwada zamphamvu zophwanyira nkhanu ndi nkhono za pansi pa nyanja. Chigoba chake n'chofiirira, chotalika pang'ono kuchepera mita imodzi, ndipo amalemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo. Wachiwiri ndi leatherback, kamba wamkulu kuposa onse padziko lapansi. Iyeyu alibe chigoba cholimba, koma msana wa chikopa chakuda wokhala ndi mizere isanu ndi iwiri yotukuka kuyambira kukhosi mpaka kumchira. Ambiri amalemera pakati pa makilogalamu 300 ndi 500, ndipo wamkulu kwambiri amene anayezedwapo, amene anapezeka atafa pagombe la Harlech ku Wales mu 1988, ankalemera makilogalamu 916. Chakudya chake ndi jellyfish, zamoyo zofewa zoyandama zija, ndipo jumbo ya pulasitiki ikamayandama m'madzi iye amaimeza poganiza kuti ndi chakudya. Leatherback ndi wosowa. Aakazi amene amafika pagombe lonse lino panyengo imodzi safika zana, ndiye mukamuona, dziwani kuti mwayi unali nanu.

Nthawi zambiri chimene mumayamba kuona si kamba koma mapazi ake, mzere wakuda wochoka m'madzi kulunjika kumtunda. Apa ndiye pamene olonda amandidabwitsa, chifukwa amaima, kuyang'ana pang'ono, n'kukuuzani mtundu wa kamba, kumene walowera, ndiponso ngati akadali kumtunda. Njira ya loggerhead ndi yosakwana mita m'lifupi, ndipo zizindikiro za zipsepse zake zimasinthana, lamanzere kenako lamanja, chifukwa amakwawa mosinthanitsa miyendo. Leatherback amakoka thupi ndi zipsepse zonse ziwiri nthawi imodzi, ndiye zizindikiro zimakhala zoyang'anizana, m'lifupi mita ndi theka mpaka mamita awiri, pakati pali kamzere kamene mchira wakanda. Aliyense amene anaonapo thirakitala itadutsa m'munda wa nzimbe ku Dwangwa kutagwa mvula adzaizindikira njira imeneyi msanga. Kuti mudziwe kumene wapita, onani mbali imene mchenga wakankhidwira: kamba amakankhira mchenga kumbuyo kwake. Ndipo werengani njirazo. Zikakhala ziwiri, yokwera ndi yotsika, mwachedwa, mayiyo wabwerera kale. Ikakhala imodzi yokha, ali pamtunda pomwepo.

Ikakhala imodzi, imani pomwe mulipo, khalani pansi, khalani chete. Wolondera amapita yekha chokwawa kukaona pamene kamba wafika pantchito yake, ndipo inu mukhoza kudikira theka la ola kapena kuposa mukudyedwa ndi udzudzu. Alendo ambiri amatopera apa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamba akamatuluka m'madzi ndiponso akamakumba amakhala wamantha kwambiri. Kuwala pang'ono, munthu kudutsa kutsogolo kwake, ngakhale chithunzithunzi choyenda, amatembenuka n'kubwerera m'nyanja osaikira. Wawononga mphamvu pachabe kukoka thupi lolemera chonchija, ndipo akasokonezedwa usiku wotsatizana akhoza kutayira mazira m'madzi, momwe sangaswe.

Ntchito yake imayenda motere. Akafika pamwamba pa malire a madzi, nthawi zambiri m'tsinde mwa chitunda, amayamba kupalasa mchenga wouma ndi zipsepse zakutsogolo mpaka thupi lonse litalowa m'chidikha. Kenako amasiya zakutsogolo n'kuyamba kukumba dzenje la mazira ndi zakumbuyo. Mbali imeneyi ndi imene ine sinditopa nayo kuona. Chipsepse chimodzi chimalowa pansi, chimapindika ngati chikhatho, chimatapa mchenga pang'ono, chimautulutsa mosamala n'kuuika pambali. Chisanalowe chinzake, amagwedeza thupi n'kuthira kutali mchenga umene unali pambali inayo kuti usagwerenso m'dzenje. Amatero mosinthanitsa, osaona n'komwe chimene akuchita kumbuyoko, mpaka chipsepse chitalephera kufika pansi. Dzenjelo limakhala lopapatiza pakamwa, lotakasuka pansi. La loggerhead limazama pafupifupi theka la mita, la leatherback limapitirira pamenepo.

Mazira akayamba kugwa, kamba amakhala ngati waiwala dziko. Apa mpamene wolondera amakukodolani. Bwerani chakumbuyo kwake, mowerama, ndipo musapite kumutu. Tochi yofiira imaunika padzenje pokha. Mudzaona mazira akugwa awiriawiri kapena atatuatatu, oyera, onyowa, a chikopa chofewa choti sasweka akagwera pa anzawo. A loggerhead ndi a masentimita anayi kukula kwake ndipo amakwana zana kapena kuposerapo pang'ono. A leatherback ndi okulirapo, ndipo chakumapeto amaponya timazira ting'onoting'ono topanda yolk (chachikasu cha pakati pa dzira), tomwe sitiswa. Mudzamvanso kupuma kwake, mpweya wolemera wotuluka patapita kanthawi, ndipo m'maso mwake mumatuluka madzi okhuthala. Alendo ena amayamba kumva chisoni kuti mayiyo akulira ndi ululu. Ayi ndithu, akuchotsa mchere wochuluka m'thupi kudzera m'tizigawo tili pafupi ndi maso, ndipo amatero ngakhale ali m'nyanja. Musamugwire, musamukwere, musatole dzira kuti mujambulitse.

Olonda amagwira ntchito yawo m'mphindi zimenezi, mwakachetechete ndi mofulumira. Ngati mwabwera kudzathandiza osati kudzangoona, ntchito imene angakupatseni poyamba ndi ya kope ndi pensulo. Ndati pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi chinyezi cha mchere. Mumalemba tsiku, nthawi, mtundu wa kamba, ndi malo. Gombe lino linagawidwa ndi mitengo ya manambala yotalikirana mamita 400, ndiye chisa chilichonse chimalembedwa poyerekeza ndi mtengo umene uli pafupi, kuonjezerapo GPS ngati ilipo. Wolondera amayala tepi yofewa pamwamba pa chigoba kuchokera pakhosi mpaka kumapeto, kutsata kupindika kwa msana, kenako m'lifupi. Akatchula nambala, inu ibwerezeni mokweza pang'ono musanalembe, chifukwa phokoso la mafunde limameza mawu ndipo 86 amasanduka 96 mosavuta. Kenako amafufuza m'zipsepse ngati muli kachitsulo ka nambala. Kakapezeka, amawerenga kawiri. Kakapanda kupezeka, amamuika katsopano akamaliza kuikira. Amaonanso zipsera: chipsepse chodulidwa ndi shaki, bala la ukonde, mbedza. Ndipo kamba amene anatuluka n'kubwerera osaikira nayenso amalembedwa. Ongoyamba kumene amaona ngati zimenezi n'zopanda ntchito, koma malo amene akamba akubwerera kawirikawiri amakhala akukuuzani kuti pali vuto, mwina magetsi a nyumba ina, mwina mchenga wakokoloka.

Manambala amenewa ali ndi kumene amapita. Kalondolondo wa akamba pagombe lino anayamba mu 1963 pansi pa Natal Parks Board, bungwe losamalira zachilengedwe limene ntchito yake inapitirira ndi Ezemvelo KZN Wildlife, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za mtundu umenewu padziko lonse. Dzina limene limamveka kwambiri pa mbiri imeneyi ndi la George Hughes, katswiri amene anathera zaka zambiri pagombe lino. Iye ndi anzake ankadula kachidutswa kakang'ono m'mphepete mwa chigoba cha tiana ta loggerhead, malo osiyana chaka chilichonse, ndipo anachita zimenezi pa tiana mazana a zikwi kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Patapita nthawi yaitali, akamba aakulu okhala ndi zizindikiro zija anayamba kutulukira pagombe lomweli kudzaikira. Pamenepo mpamene zinadziwika kuti loggerhead wa kuno amatenga zaka pafupifupi 36 kuti ayambe kuikira. Taganizani: kamba amene mukumuunika usiku uno mwina anaswa inu musanabadwe, ndipo amene anamulemba ali kamwana mwina anapuma kale pantchito. Mabuku a kalondolondoyu akuonetsa kuti zisa za loggerhead zawonjezeka kangapo kuchokera pamene chitetezo chinayamba, pamene za leatherback zinakwera pang'ono n'kuima. Ndiye ngati akupatsani pensulo, lembani zooneka bwino.

Akamaliza kuikira amakwirira dzenje ndi zipsepse zakumbuyo, kutsendera mchenga, kenako n'kuyamba kumwaza mchenga ponseponse ndi zakutsogolo kuti chisa chisadziwike. Sunthirani kutali, chifukwa mchenga wa leatherback ukakumenyani kumaso mudzaukumbuka. Mpatseni njira yopita kumadzi, ndipo tochi izimitsidwe. Mayi yemweyo adzabweranso nyengo yomweyo, loggerhead pakatha masabata awiri, leatherback pakatha masiku khumi, maulendo angapo, kenako amatha zaka ziwiri kapena zitatu asanaonekenso.

Kuchokera apa chisa chimasiyidwa chokha kwa miyezi iwiri. Olonda amayenda m'mamawa kuona ngati chafukulidwa ndi chiuli, ng'azi kapena agalu a m'midzi, kapena ngati mafunde achikokolola. Mukapeza chisa chimene mukuona kuti chili pafupi kwambiri ndi madzi, musachisamutse nokha ngakhale mtima ukuwawa. Pakangopita maola ochepa dzira litaikidwa, kamwana kamamatirira kuchikopa cha dzira chakumwamba, ndipo mukalitembenuza mwapha. Uzani olonda, iwo ndi amene amadziwa ngati n'koyenera. Musazike ambulera kapena kukoleza moto m'tsinde mwa zitunda, ndipo ana akakumba maenje masana, akwirireni musanachoke. Kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha ngati tiana tikhale tatimuna kapena tatikazi. Pamadigiri 29 timatuluka pafupifupi theka ndi theka, kukatentha kuposa apo timachuluka tatikazi, kukazizira tatimuna. N'chifukwa chake ofufuza ena amakwirira tizipangizo toyeza kutentha m'zisa, poona mmene dziko likutenthera.

Tiana tikaswa sititulukira pomwepo. Timatha masiku angapo tikukwera pamodzi m'kati mwa mchenga, ta pamwamba tikukanda denga, ta pansi tikupondaponda umene wagwa, ndipo timadikira mchenga uzizire usiku. Chizindikiro chake ndi kadzenje kolowa pansi pamwamba pa chisa. Tikatuluka timathamangira kumene kukuwala kwambiri, ndipo pagombe lopanda magetsi kumeneko ndi kunyanja. Tochi imodzi yoyera kumtunda ikhoza kutembenuza chisa chonse kulowera kutchire. Imani kumbali, kumbuyo kwa chisa, ndipo musasunthe mapazi mpaka wolondera atanena, chifukwa funde limatibweza n'kutimwaza pakati pa miyendo yanu. Nkhanu zoyera za pamchenga zimagwira tina inu mukuona. N'zowawa, ndipo pafupifupi mlendo aliyense amafuna kutola kamwana n'kukakaponya m'madzi. Musatero. Ulendo wa pamchengawo umalimbitsa zipsepse tisanakumane ndi mafunde, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti nthawi yoyambirira imeneyi ndi imene timasunga chizindikiro cha maginito a dziko cha dera lino, chimene chidzatibweze kuno tikakula. Amayerekeza kuti mwa tiana chikwi, kamodzi kokha ndi kamene kamafika pa msinkhu woikira.

Pakapita masiku atatu tiana titatuluka, amene ali ndi chilolezo amafukula chisa kuti awerenge. Valani magolovesi, ndipo ndikuchenjezeni, fungo la mazira owola si lamasewera. Zonse zimatulutsidwa ndi manja n'kuikidwa m'magulu pamchenga: zikopa za mazira oswa, mazira osaswa, tiana takufa, ndi tamoyo totsalira pansi. Chikopa chimawerengedwa ngati dzira limodzi pokhapokha chikaposa theka, apo ayi muwerenga dzira limodzi kawiri. Osaswa amang'ambidwa kuti aone ngati munali kamwana ndi pamene kanalekezera kukula. Zikopa zikakhala 90 ndipo mazira onse anali 110, mumagawa 90 ndi 110 n'kupeza kuti chisa chaswa pafupifupi 82 pa 100 alionse. Zonyansazo zimabwezeredwa m'dzenje n'kukwiriridwa, ndipo tamoyo tija timasungidwa pamthunzi mpaka mdima kuti tiyende tokha.

Pa za ndalama ndilankhule mosabisa. Kale anthu a m'mbali mwa nyanja ino ankadya mazira ndi nyama ya kamba, monga mmene anthu kulikonse amadyera chimene malo awo awapatsa. Lero ana ndi zidzukulu zawo ndi amene amalembedwa ntchito yolondera nyengo iliyonse ndiponso kuperekeza alendo. Chitetezo cha gombe lino chaima pa iwowa kuposa pa mpanda kapena mfuti. Ntchitoyo ndi ya miyezi yochepa pachaka, ndipo munthu amayenda makilomita ambiri pamchenga usiku uliwonse, mvula kaya mphepo. Choncho musanenerere mtengo ngati mukugula tomato pa Lizulu, ndipo usiku ukatha osaona kamba musakalipire wolondera kuti akubwezereni ndalama. Akambawo sawaweta. Amene muli ndi pasipoti yabwino mukhoza kuwolokanso chipata cha Kosi Bay kupita ku Ponta do Ouro ndi Ponta Malongane, kumene akamba omwewa amaikiranso m'gombe la Maputo National Park, ndipo malamulo a tochi ndi omwewa.

Abale a ku Cape Town, inunso nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale simunafike kuno. Tiana tikalowa m'madzi timatengedwa ndi mkokomo wa madzi ofunda wotchedwa Agulhas kulowera kum'mwera, ndipo kuyambira cha mu Malichi mphepo imatitaya tina pamagombe a Western Cape, monga ku Struisbaai ndi ku Muizenberg, titafooka ndi madzi ozizira. Mukakapeza kotere musakabwezere m'nyanja, kakafa. Musakaike m'madzi alionse, musakapatse chakudya. Kaikeni m'kabokosi kouma kokhala ndi mabowo a mpweya, pansi mutayala kathaulo, kutali ndi dzuwa ndi mphepo. Lembani malo ndi nthawi imene mwakapeza, kenako imbirani a Two Oceans Aquarium, amene ali ndi malo osamalira akamba otere mpaka atalimba n'kuwabwezera kumadzi ofunda.